Makina Anga Ali kwa Achemwali

Mesenjala wa kubwalo la milandu anabwera Lachiwiri m'mawa, ine ndikusenda chinangwa pakhonde, mwana ali kumsana. Ndinamuonera patali, chisoti chake chofiira, akukankha njinga pachitunda cha ku Mbombwe, ndipo mtima unandiuza kuti akubwera kwathu, chifukwa sanaime pakhomo lililonse kufunsa njira. Anapereka pepala kwa bambo a mwana. Iwo analitembenuza uku ndi uku n'kundipatsira ine, poti pakhomo pathu wowerenga msanga ndinali ine, ndinafika sitandade yachitatu. Pepalalo linati Lachisanu kubwera kalaliki wa kubwalo kudzalemba katundu yense wa pakhomo pathu, akagulitsidwe ku boma, ndalama zake agawane anthu amene anatikongoza. Ndinawerenga mokweza mpaka pamapeto, kenaka ndinangokhala pansi pomwepo pa makoko a chinangwa.

Ngongolezo sizinayambe chaka chimenecho ayi. Bambo a mwana anali ndi kantini pamphambano, kanyumba ka chipinda chimodzi, mchere, sopo, palafini, singano, ndi nsalu za biriwita ndi kaki zimene ankatenga pangongole kwa mwini sitolo wina ku Limbe. Koma iwo anali mkamwini m'mudzi mwathu, ogula ambiri anali abale anga. Nanga mkamwini angawakanize mchere apongozi ake? Angamuuze mlamu wake kuti yambani mwalipira sopo wa mwezi watha? Ankangomwetulira n'kulemba m'kabuku. Tsiku lokalipira ku Limbe likafika ankabwereka kwa aphunzitsi, la aphunzitsi likafika ankabwereka kwa kapitawo wa ku esiteti, la kapitawo likafika ankabwerera ku Limbe kukapempha nsalu zina. Zaka zinayi tikuzungulira chomwecho. Ine ndinaphunzira kuzindikira belu la njinga lili kutali, kuti ili ndi la uje, ndi kunena kuti atuluka pamene munthu ali kuseri kwa nkhokwe. Kenaka mvula inadula chimanga chisanamasule, anthu analibe ndi kobiri lomwe, a m'kabuku aja anayamba kulambalala kantini, ndipo atatu otikongoza aja anakakumana kubwalo.

M'nyumbamo munali chinthu chimodzi chimene sichinali cha kantini, sichinalinso cha bambo a mwana: makina anga osokera, opukusa pamanja. Amene anandigulira ndi malemu bambo anga pobwera ku Halale, chaka chimene ndinasiya sukulu, ati iwe waphunzira kusoka, nawa, usadzapemphe kwa munthu. Pa makina amenewo ndinkasoka makabudula a ana a sukulu, ndinkaphatika zigamba, n'kumalandira tindalama, apa tiki, apa sikisi, ndipo phala la mwana chaka chimenecho linkachokera pamenepo. Koma pepala linati katundu yense wa pakhomo. Silinati kupatula wa mkazi.

Lachitatu anabwera achemwali anga, oyamba kubadwa kwathu, amene anandibereka kumsana ndili khanda. Nyumba yawo ili tsidya la khwawa, m'mudzi momwemo. Anandipeza ndakhala pafupi ndi makinawo ndikungowayang'ana.

"Iwe, wangokhala manja lende? Uwasiya awalembe amenewa?"

"Nanga nditani, achemwali? Ndi boma."

"Boma linalowamo liti m'nyumba mwako? Likudziwa kuti uli ndi miphika ingati? Mawa azimayi akapita ku mapemphero a Lachinayi, ubwere nawo kwathu. Ine mawa ndidwala mutu, sindipitako."

Ananena zodwala mutuzo akuseka, ine ndinasekanso, koyamba chibwerere mesenjala. Nditawauza bambo a mwana anayang'ana kudenga, ati, "Amake mwana, ine sindinaone kanthu, sindinamvenso kanthu."

Lachinayi masana, nyimbo zitayamba kutchalitchi, ndinakulunga makinawo m'chilundu chakale, ndinaika m'dengu, pamwamba ndinaunjika masamba a mbatata. Kulemera kwake! Kuti ndisenze ndinachita kugwada, kutsamiritsa dengu pa mtondo, ndiyeno kudzuka pang'onopang'ono khosi likulira. Sindinadzere njira yaikulu, ndinadzera m'munda wa nandolo, mwana kumsana akulira chifukwa nthambi zinkamukwapula kumaso, ine ndikungoti khala chete mayi, khala chete, maso uku ndi uku, nkhuku ikathawa m'tchire mtima phaa, ndikuti ndi munthu. Pakhwawa ndinaterereka, bondo linagunda mwala, koma dengu sindinalisiye. Achemwali anandilandira pakhomo, tinatula tonse awiri, tinakankhira makinawo kunsi kwa bedi lawo, kutsogolo anaikako mtanga wa mapira. Anandisambitsa bondo ndi madzi a mchere okha ndi manja awo.

Lachisanu kalaliki anabwera ndi mesenjala ndi ngolo. Anthu anadzaza pabwalo pathu ngati pali maliro, ndipo ambiri mwa iwo maina awo anali m'kabuku kaja. Kalaliki anakhala pampando wathu, buku pabondo, mesenjala akutulutsa zinthu n'kumatchula. Njinga. Sikelo. Mashelefu atatu. Biriwita mayadi asanu ndi theka. Mbuzi ziwiri. Bedi. Nyali. Chitseko cha kantini, anachichotsa ndi mahinjesi omwe. Atatha kalaliki anati, "Mpando ndakhalirawu watchula?" Anthu anaseka, iye anadzuka, mpando unakwera ngolo. Anatisiyira mphasa, miphika, makasu awiri ndi bulangete. Bambo a mwana anaima pansi pa mtengo wa mango, manja kumbuyo, osayang'ana munthu.

Ndinkati zatha. Pamenepo ndi pamene mkazi wa aphunzitsi aja, amene ndinamusokera ndekha diresi la ubatizo wa mwana wake, analankhula ali kumbuyo kwa anthu.

"Nanga makina? Pakhomo pano pamalira makina tsiku lililonse. Lero agona?"

Kalaliki anandiyang'ana. "Mayi, pali makina pano?"

Mwana anali pabere, ndinangomukanikiza pachifuwa mpaka anasiya kuyamwa n'kuyamba kulira. Ndinkaona ndende, ndinkaona mwana akundilanda. Ndiye achemwali anadutsa pakati pa anthu, osathamanga, akukonza duku.

"Makinawo ndi anga, bwana. Anandigulitsa mwanayu chaka chatha pokolola, mapaundi atatu. Ankangobwereka posoka. Ali kwathu, mukafuna kuwaona tiyeni."

"Zoona, mayi?"

Ndinagwedeza mutu.

"Mutu sitilemba. Nenani."

"Zoona, bwana. Ndinawagulitsa."

Analemba mizere iwiri pansi pa tsamba, anatembenuza buku, ati dindani chala apa. Ine ndinati ndimatha kulemba. Sindidziwa chimene chinandinenetsa, kaya manyazi, kaya kufuna kuti anthu aja aone kuti ngakhale atitengera bedi, ine ndine munthu wa sukulu. Ndinalemba dzina langa lonse, bwinobwino, monga anatiphunzitsira. Achemwali anadinda chala pambali pake. Ngolo itachoka ndinawagwira miyendo ndikulira, iwo akundisisita kumutu, ati dzuka iwe, anthu akuona.

Katundu anagulitsidwa ku boma, ndalama sizinakwane ndi theka lomwe. Bwalo linati munthuyu alibenso kanthu, zotsalazo azidzalipira akapeza ntchito. Patapita masabata awiri bambo a mwana anapinda bulangete lija, ati ndikupita ku Halale, ndikakhazikika ndilemba kalata. M'mudzi mwa akazi awo sakanathanso kuyendamo, ana ankawaitana kuti a Kantini. Ndinawaperekeza mpaka pamphambano, pakanyumba kopanda chitseko kaja, mbuzi za anthu zitagonamo kale.

Ndinadikira mwezi wathunthu kuti maso a anthu achoke pa ine. Ufa unatha, ndinayamba kusinja mizu ya chinangwa yotsalira m'munda, mkaka unayamba kuchepa, mwana akayamwa ankandiluma ndi mkwiyo. Mayi wina wa ku Nguludi ananditumizira uthenga kuti ali ndi makabudula anayi oti asokedwe, alipira ndi chimanga. Tsiku lomwelo ndinaoloka khwawa ndi dengu langa.

Makina ndinawapeza ali poyera, patebulo pakhonde, atawafunditsa kansalu koyera. Alamu, amuna a achemwali, anali pambali akusema mpini.

"Achemwali, ndadzera aja. Kwazizira tsopano, ntchito yapezeka."

"Ati?"

Ndinaseka, ndimayesa nthabwala zawo zija. "Makina, achemwali."

"Makina ake ati? Amene unandigulitsa aja?"

"Musatero, achemwali, mwana sanadye."

"Iwe, ine ndinanama pamaso pa boma? Ukunditcha wabodza pakhomo panga? Si unalemba wekha dzina, ndi dzanja lako la sukululo? Ife osaphunzira tinangodinda chala."

Sanakweze mawu. Ankasankha nyemba m'lichero, maso ali m'licheromo. Alamu anati, osasiya kusema, "Mlamu, zolembedwa ku boma ndi zolembedwa. Mukufuna akazi anga amangidwe?" Alamu amenewa m'kabuku ka kantini anali ndi masamba awiri awoawo.

Ndinati, "Mapaundi atatuwo munandipatsa liti?"

Pamenepo achemwali anaika lichero pansi. "Ukufuna tiwerengerane? Pamene iwe unkapita kusukulu ndi sileti, ankatunga madzi ndani? Anakubereka ndani mpaka msana kupindika? Bambo anabwera ku Halale, iwe makina, ine duku. Duku! Ndinalankhula? Zaka zonsezi ndinalankhulapo?"

Ine sindinadziwe kuti zimenezi zinali mumtima mwawo. Ndinayesa kukumbuka nkhope yawo tsiku limene anandisambitsa bondo, ngati panali chizindikiro, ngati ankadziwa kale pamene ankati ubwere nawo kwathu, kapena maganizowo anabwera pambuyo, makina atagona kunsi kwa bedi lawo mwezi wonse. Mpaka lero sindidziwa, ndipo chimenechi ndicho chimandisowetsa mtendere kuposa njala.

Ndinapita kwa amalume, eni mbumba, amene milandu ya ife ana a mlongo wawo imathera kwa iwo. Anandimvetsera mpaka kumaliza, akufwenkha fodya wa mphuno.

"Mwana wanga, makinawo ndi ako, ine ndinalipo pamene ankakupatsa. Koma taganiza. Ndikaitana anthu kuti tikambe, mawa nkhani ili kwa aphunzitsi, mkuja ili kubwalo. Adzati makina anali a pakhomo pa wangongole, abwere agulitsidwe. Iwe unanama, unalembanso. Makina apita, iwe upita, mwana atsala ndi yani?"

"Ndiye nditani, amalume?"

"Ukhale chete. Ndi mkulu wako."

Ndinakhala chete. Kutchalitchi timakhala benchi limodzi, buku la nyimbo ndimagwira ndine poti iwo satha kuwerenga, amangotsatira pakamwa panga. Anthu amati taonani ana a mimba imodzi, mkulu anapulumutsa mng'ono wake pamaso pa boma. Ena amandiuza kuti uziwathokoza achemwali ako. Ndimati eya.

Chichokereni kwa amalume panapita masiku asanu. Ndili m'munda ndinamva makina akulira tsidya, kulira koipa, kokakamira, kenaka kuima, kenaka kuyambanso. Ndinadziwa kuti akupukusa chobwerera m'mbuyo ndipo ulusi wapotana kunsi. Ndinaponya khasu, ndinaima, ndinkangoti asiye, asiye, athyola singano, apinda chitsulo. Madzulo ake achemwali anabwera okha, anaima pakhomo osalowa.

"Atseka aja. Sakuyenda."

Anakonza duku, n'kupitiriza.

"Makabudula a ku Nguludi aja abwera kwathu. Ubwere mawa udzasoke. Ndizikupatsa mbale ya chimanga patsiku."

Ndinayang'ana mwana, anali atagona pamphasa, mimba yotupa, timiyendo ngati mapesi. Kalata ya ku Halale inali isanabwere. Ndinafuna kunena zambiri, koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Mbale yake iti? Yaikulu ija kapena yaing'ono?"

"Yapakati," anatero.

M'mawa ndinaoloka khwawa ndi mwana kumsana, wopanda dengu. Ndinavundukula kansalu koyera kaja, ndinatsegula kunsi, ndinachotsa ulusi wopotana ndi nsonga ya singano, ndinathira kadontho ka mafuta. Ndinapukusa, anayenda bwino ngati kale, dzanja langa analizindikira. Ndinasoka makabudula awiri dzuwa lisanafike pamutu, achemwali atakhala pambali akuyang'anitsitsa zala zanga, pamene ndikupisa ulusi, pamene ndikukweza phazi la makina, milomo yawo ikuyenda ngati akuwerenga. Ndinazindikira kuti akuphunzira, ndipo tsiku limene adzathe okha mbale yapakati ija idzatha. Kuyambira pamenepo popisa ulusi ndimaweramira makina, ndimaphimba ndi chikhatho, ndimachita msangamsanga.

Pomaliza ndinatulutsa kamalaya ka mwana kong'ambika paphewa, ndinati ndingodutsitsapo mzere umodzi. Achemwali anagwira chopukusira.

"Ulusi ndi wogula, iwe. Ndichotsa pa chimanga."

Ndinati chotsani. Ndinasoka.