Chaka Chimene Amayi Ankajambula Mwezi

Pamwamba pa kabati kwathu pankakhala kathumba kamene amayi anasoka ndi chidutswa cha chitenje chakutha n'kuthiramo nyemba. Nyemba zimenezo sizinkaphikidwa, ngakhale tsiku limene ndiwo zavuta. Ine ndinkakaopa kathumbako, chifukwa mnzanga wina kusukulu anandiuza kuti zithumwa zimasokedwa choncho. Koma ntchito yake inali yotsamiritsapo kamera basi.

Kamerayo anaisiya ndi abambo. Iwo ankagwira ntchito ku Joni, ndipo atabwera pa Khirisimasi anabweretsa kamera yakuda, ya lenzi yotuluka ngati khosi la kamba ukaiyatsa. Anati amayi azitijambula ine ndi mng'ono wanga, komanso nyumba ya njerwa imene inkamangidwa kuseri kwa khola, kuti iwo akabweranso adzaone mmene zinthu zinkayendera. Miyezi yoyamba amayi ankachita zomwezo. Tinkaima pa mulu wa njerwa, manja kumbuyo, nkhope zili phuliphuli ndi mafuta.

Zinthu zinasintha nyengo yozizira, ine ndili mu Sitandade 5. Tsiku lina madzulo mwezi unatuluka kuseri kwa phiri la Mphunzi kusanade n'komwe, waukulu, wachikasu ngati dzungu lakupsa. Amayi anasiya lichero pansi n'kuthamangira kamera. Chimene chinatuluka pa kagalasi ka kumbuyo chinali kadontho koyera ngati phala lotayikira pansi. Anayesanso, chimodzimodzi. Sindinawaonepo atakwiya ndi chinthu chopanda moyo ngati tsiku limenelo.

Mawa lake amayi anaimitsa aphunzitsi anga a sayansi akudutsa pa njinga. Iwo anali ndi kamera yawoyawo yakale, ndipo ankajambula mbalame. Anaima kunja kwa mpanda, dzuwa lili pamutu, anthu akudutsa mumsewu. Ndikutchula zimenezi chifukwa pambuyo pake anthu anazifotokoza mwina.

"Mwezitu ukuwombedwa ndi dzuwa, mayi," anatero aphunzitsiwo. "Muziujambula ngati mukujambula thanthwe masana. Kamerayi ikaona mdima imapusa, imatsegula diso kwambiri."

Anawasonyeza kagudumu ka pamwamba, kuti kazikhala pa chilembo cha M. Kenako manambala atatu: pamene palembedwa ISO aike 100, bowo lolowera kuwala alichepetse lifike pa 8, ndipo kuphethira kwa kamera kukhale kwachangu, pa 250. Anawonjezera kuti dzanja la munthu limanjenjemera, choncho kamera aziikhazika pa chinthu chofewa, n'kuitchera kuti izijambula yokha pakapita kamphindi. Amayi sanalembe paliponse. Ndinkangowamva akusenda mbatatesi akunong'ona, "Handiredi, eyiti, thufifite." Kathumba ka nyemba kaja anakasoka sabata yomweyo.

Kuyambira pamenepo, mwezi ukayamba kukula, amayi ankaphika mofulumira n'kukwera chitunda cha kuseri kwa munda wathu dzuwa likamalowa. Ukayamba kuchedwa kutuluka, ankaupitira m'mamawa, uli mbuu kumadzulo ngati sopo wotha. Loweruka ankayenda mpaka ku Mayani kukatchajitsa batire kwa wometa tsitsi.

Pamjigo nkhani inayamba. Ena ankati akufuna kujambula za kudambwe kuti akagulitse kwa azungu obwera kudzaona zojambula za m'mapanga. Koma ambiri ankakamba za aphunzitsi. Mkazi woti mwamuna wake ali kutali, kumakwera chitunda yekha chisisira, ati kukaona mwezi? Ndikafika ndi ndowa yanga, amayi a pamjigowo ankasiya kulankhula n'kuyamba kundiyamikira kuti ndikukula.

Amalume, achimwene awo a amayi, ndiwo anali nkhoswe ya banja lathu. Anandiitana ku dimba lawo, n'kundithyolera nzimbe.

"Iwe ndiwe wamkulu tsopano. Amako akamakwera kuja, uziwatsatira. Uzibwera kudzandiuza amene ukamuone."

Sanati ngati ukaone munthu. Anati amene ukamuone. Lero ndimaona kusiyana kwa mawu awiriwa, koma nthawi imeneyo ndinangomva kuti kuchitundako kuli munthu ndithu, ndipo ntchito yanga ndi kumupeza.

Ndinawatsatira. Mphepo ya Julaye inkaluma makutu, udzu wouma ukundicheka m'miyendo, fungo la utsi wa nkhuni za paini likukwera kuchokera kumudzi. Ndinabisala kuseri kwa mwala. Amayi anagwada pa thanthwe, anakhazika kamera pa kathumba kaja, anadina batani n'kuchotsa manja onse awiri ngati munthu wotchera msampha. Kamera inalira kuti pi, pi, kenako tcha. Ine maso anali ku tchire, kudikira njinga.

Tsiku lina, osatembenuka n'komwe, anati, "Tuluka kumeneko, kuli njoka. Bwera udzaone."

Ndinasuzumira pa kagalasi. Mwezi unadzaza ponse. Unali ndi maenje ngati munda umene angokumbamo mbatatesi, ndi zigamba zotuwa, ndipo m'mphepete mwake munali mokukutika ngati chigumu cholumidwa ndi mwana. Amayi anandiuza kuti mwezi wathunthu sukoma kujambula, umakhala fulati. Wabwino ndi wa theka, chifukwa maenje aja amakhala ndi mithunzi. Ankalankhula mofulumira, akupumira m'mwamba, mawu amene sindinkawamva kunyumba. Ndipo chimenecho ndicho chinandikayikitsa kwambiri. Ndinaganiza kuti munthu sangasangalale choncho chifukwa cha mwezi. Potsika ndinkayang'anabe pansi, kufunafuna mapazi a nsapato zachimuna.

Amalume ndinkawauza zoona, kuti sindinaone aliyense. Iwo ankangogwedeza mutu. "Akuchenjerera," ankatero.

Abambo anabwera mu Seputembala, osati pa Khirisimasi monga mwa masiku onse. Wina anali atawaimbira foni, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti anali ndani. Sanabweretse kanthu, ngakhale switi. Tsiku lotsatira anakhala pansi pa mtengo wa mapichesi pamodzi ndi amalume ndi nkhoswe ya kwawo, amayi ali pa mphasa chapatali. Anaitanitsa kamera.

Abambo ankadina batani, amuna awiri aja atawunjikana pa mapewa awo. Mwezi. Mwezi wina. Mwezi wofiira wa nthawi ya utsi wa lupsa. Mame pa tsamba la kabichi. Khwangwala ali pa nsonga ya thanthwe. Nkhungu itakwirira dambo, mitengo yokha ikuoneka nsonga. Mwezinso. Nyumba ya njerwa inaoneka mwa apo ndi apo.

"Nanga anthu ali kuti?" anafunsa abambo.

Anadinanso batani, kenako n'kutembenukira kwa amayi.

"Mwezi wonsewu mumajambulira ndani, amake mwana?"

"Ndimafuna kuuona bwino."

"Kodi suli kumwamba masiku onse? Maso mulibe?"

Anandiitana ine. Ndinanena kuti aphunzitsi ndinawaona ali ndi amayi kamodzi kokha, pa mpanda, masana. Nkhoswe ya kwa abambo inati mwana amaphunzitsidwa zonena. Amalume anati zithunzi zimafufutika, ndipo munthu wodziwa manambala onse aja sangalephere kufufuta. Motero kusapezeka kwa munthu m'kameramo kunasanduka umboni woti munthuyo analipo. Ndakhala ndikuona milandu yambiri ya mabanja chikulire changa, koma sindinaonenso wina woweruzidwa mwa njira imeneyo.

Banja silinathe. Anagwirizana kuti amayi asiye kukwera chitunda, ndipo abambo pobwerera ku Joni anatenga kamera ija. Anapempha mng'ono wanga kuti awathandize kupeza chingwe chake chotchajira, iye n'kuchipeza mosangalala. Aphunzitsi anayamba kuzungulira njira ya kutchalitchi popita kusukulu, ndipo m'kalasi anasiya kunditchula ngakhale ndikweze dzanja. Amayi anapitiriza zonse monga kale: kumunda, kumphakati, kumaliro. Za kamera sanazitchulenso.

M'mawa wina mvula itayandikira tinkapita kukagalauza. Amayi anali patsogolo, khasu paphewa. Tili pakati pa njira anaima mwadzidzidzi, nkhope itapenya kumwamba chakumadzulo. Anaima nthawi yaitali, mpaka mame anandilowa m'mapazi. Ine sindinayang'ane kumene ankayang'anako. Ndinatembenukira kumbuyo, kenako ku mitengo ya bulugama, kenako ku njira yochokera kusukulu, kuti ndione amene ankamudikira. Kunalibe munthu. Ndinakwiya, poganiza kuti andiposanso nzeru. Ndinali ndisanadziwe kuti mayi wa ana awiri, wa zikhatho zokakala ndi khasu, angathe kufuna chinthu chosadyedwa, chosagulitsidwa, n'kumachifuna yekha popanda munthu wina wobisala kuseri kwake.