Mtsikana Amene Ankathawa Mvula

Chaka chimene phiri la Soche linagumukira m'nyumba za anthu ku Chilobwe ndi ku Manja, ine ndinali nditangoyamba ntchito ku bungwe lina laling'ono lothandiza ana ovutika kuti asasiyire sukulu panjira. Ofesi yathu inali zipinda ziwiri ku Chitawira, pansi pa nyumba yosanjikizana, kuseri kwa malo okonzera magalimoto. Tinalipo anthu anayi. Ntchito yanga inali yoyenda: mwana akajomba masiku atatu otsatizana, aphunzitsi ankandiimbira foni, ine n'kunyamuka kukamusaka.

Ntchitoyi inkandiyenera. Ndinaphunzitsako ku pulayimale ina ku Limbe, koma kuima pamalo amodzi ndi choko m'manja kunandikanika. Mayi anga ankati mwina anandiberekera panjira.

Ngozi ija itachitika, masukulu ambiri anasanduka misasa ya anthu osowa pokhala. Atatsegulidwanso, ana athu ambiri sanaoneke. Ena anali atapita kumudzi, ku Nsanje kapena ku Chikwawa. Ena tinadziwa kuti sitidzawaonanso, ndipo mayina awo tinasiya kuwatchula mu ofesi. Masabata amenewo ndinkadya nditaimirira. Ndikakhala pampando, ndinkaona ngati pali mwana amene akundilowera kutali nthawi yomweyo.

Mwa onsewo, amene anandiyendetsa kwambiri anali mtsikana wina wa Fomu 4 wa pasekondale yoyendera ya ku Chilobwe. Anali wamtali, wosalankhulalankhula, wokonda masamu. Iye sanasowe nthawi ya ngozi ngati enawo. Anabwerera kusukulu bwinobwino, kenako n'kuzimiririka, mayeso atatsala miyezi iwiri.

Aphunzitsi ake, bambo achikulire ovala jekete nthawi zonse, anandifotokozera tili pakhonde.

"Anabwera masiku anayi. Tsiku lachisanu kunagwa mvula pang'ono. Anangodzuka ndili mkati mophunzitsa n'kutuluka. Chikwama anasiya pa desiki."

"Anakangana ndi wina?"

"Ayi. Mwana uja sakangana ndi munthu."

Anandipatsa chikwamacho. Munali makope, cholembera chotafunidwa kumutu ndi nsapato zapulasitiki.

Ndinakwera mtunda kupita kumene kunali nyumba yawo. Sindinapezeko nyumba. Kunali miyala ikuluikulu, ina yotalika kuposa ine, ndi matope ouma osakanikirana ndi malata opindika. Bambo wina wokalamba, amene makolo ake anachokera ku Mozambique kalekale, ankatola njerwa zosasweka n'kumaziunjika pambali. Nditamufunsa za banjalo, analoza kumunsi.

"Anthu a ku Nsanje aja? A mpingo wawo anawapezera chipinda ku Manja. Koma mwana wawo wamwamuna, wamng'ono uja, sanapezeke."

Zimenezi sindinkazidziwa. Mu ofesi tinkadziwa kalasi ya mtsikanayo ndi mmene ankakhozera, koma za mchimwene wake palibe anatiuza.

Ku Manja ndinazungulira masiku awiri. Tinjira ta kumeneko timafanana, ndipo aliyense wondilozera ankandilozera kwina. Mayi ake ndinawapeza akuchapa kuseri kwa nyumba ya mkulu wampingo. Anandiyalira chitenje pa njerwa, n'kupitiriza kuchapa.

"Achemwali, mwana uja musiyeni," anatero. "Ali kwa azakhali ake ku Limbe, akuwathandiza kugulitsa kaunjika. Kumeneko akudya, akugona. Kuno samagona."

"Mayeso ayandikira, mayi. Zaka zinayi zathera pamenepa."

"Ine ndataya kale mmodzi. Uyu ndikamukakamiza n'kupenga, mundipatsa wina?"

Ndinawasiyira chikwama chija, koma iwo anandibwezera. Anati ndikamupatse ndekha.

Kumsika wa ku Limbe ndinapitako katatu osamupeza. Ulendo woyamba azakhali ake anati watumidwa. Wachiwiri ndinaona msana wake ukulowa pakati pa mabenchi a nsapato, ndipo pamene ndinkapanikizana ndi anthu kuti ndimupeze, anali atapita. Ndinabwerera ku Chitawira nditakwiya, osadziwa kuti ndakwiyira ndani. Mu minibasi kondakitala anandifunsa kawiri kotsikira ine osamva.

Ulendo wachinayi ndinalawirira tsiku limene amatsegula belo la zovala. Pamenepo sakanathawa, chifukwa amayi ogula anali atazungulira benchi, aliyense akukoka chake. Ndinadikira mpaka chipwirikiti chitatha. Kenako ndinakhala pa kasitulu pafupi naye n'kuyamba kupinda mathalauzi otsala. Azakhali ake anandiyang'ana cham'mbali.

"Mwabweranso, madamu. Simutopa inu?"

"Ndimatopa, koma ndikakhala kunyumba ndimatopa koposa."

Anaseka pang'ono n'kupita kukagula tiyi.

Ndinali nditakonza mawu ambiri okhudza tsogolo, za ubwino wa setifiketi, za atsikana ena amene tinawathandiza. Ndisanayambe, mtsikanayo analankhula maso ali pa zovala.

"Madamu, sikuti sindikufuna sukulu."

"Nanga n'chiyani?"

"Kalasi yathu ija ndi momwe tinkagona. Nyumba itapita anatiika mmenemo, mabanja asanu ndi atatu. Pamene pali desiki yanga ndi pamene amayi ankakhala, kudikira anthu okumba kuti abwere ndi uthenga." Anapinda siketi, n'kuipindulanso. "Kukakhala dzuwa ndimapirira. Koma mvula ikangogunda malata, ndimamva miyala ija ikubwera. Miyendo imangodzuka yokha. Ndimazindikira ndili kale kumsewu."

Mawu anga onse aja ndinawameza. Ndinamupatsa chikwama chake. Anachitsegula, natulutsa kope la masamu, n'kumaliyang'ana nthawi yaitali.

Masana omwewo ndinakalowa kwa abwana athu, mayi amene anakhalapo mphunzitsi wamkulu asanapume pa ntchito. Ndinawauza kuti mwanayo timusamutsire kusukulu ina. Iwo anapukusa mutu.

"Dzina lake linapita kale kwa oyang'anira mayeso. Mayeso akalembera pasukulu yomweyo, palibe kuchitira mwina. Ndipo takhalani pansi, mukundizunguza mutu n'kuyendayenda kwanuko."

Sindinakhale. Iwo anayang'ana kudenga kwa ofesi yathu, komwe kunali konkire chifukwa pamwamba pathu pankakhala anthu.

"Muno mvula simveka," anatero. "Abwere aziwerengera muno. Inu muzikatenga manotsi kwa aphunzitsi ake. Loweruka ndiitana mnzanga, mayi wina amene amacheza ndi anthu osweka mtima. Za kalasiyo tiona pang'onopang'ono."

Azakhali ake sanakondwe, chifukwa mtsikanayo ankawapepuza ntchito, koma anavomera kuti azichoka kumsika ikakwana teni koloko. Mayi ake anangoti, "Ngati iye wafuna."

Masabata otsatira anali osakhazikika. Lero wabwera, mawa sanabwere. Akabwera, ankakhala pa tebulo la pakona n'kumawerenga ngati munthu wanjala. Akapanda kubwera, ine ndinkangotuluka n'kulowa, kusuzumira kumsewu, mpaka amakanika a kutsogolo aja anayamba kundifunsa okha kuti, "Wanu uja lero zii?" M'mawa uliwonse ndinkapita ku Chilobwe kukatenga ntchito kwa aphunzitsi, madzulo n'kubweza kuti akachonge. Zimene ankakambirana ndi mayi wa Loweruka uja sindinazimvepo. Nthawi zina ankatuluka maso ali ofiira, nthawi zina akuseka.

Mayi yemweyo ndi amene anatilangiza kuti tiziyandikira sukuluyo pang'onopang'ono, masiku a dzuwa. Tsiku loyamba tinangofika pageti n'kubwerera. Lachiwiri tinakhala pakhonde la ofesi ya aphunzitsi. Anzake atamuona anathamanga kudzamukumbatira, iye n'kungoima chilili ngati mtengo. Sabata yachitatu analowa m'chipinda china, osati chija, n'kukhalamo phunziro lonse. Aphunzitsi aakulu analonjeza kupempha oyang'anira mayeso kuti amuike m'chipinda chimenecho, pafupi ndi chitseko, ndipo oyang'anirawo anavomera.

Ndinkadzilimbitsa mtima kuti mayeso amalembedwa nthawi yachisanu, mvula itatha. Koma wokhala ku Blantyre amadziwa chiperoni, mvula yowaza ija yobwera ndi nkhungu ndi mphepo yozizira. Masiku onse a mayeso ndinkadzuka n'kuyamba ndayang'ana kumwamba, cha ku Thyolo kumene imachokera.

Sabata yoyamba kunacha bwino. Analemba Chichewa, Chingerezi ndi masamu, n'kumatuluka akukambirana mayankho ndi anzake. Ine sankandilola kulowa mumpanda, choncho ndinkadikira panja, pafupi ndi mayi wogulitsa chinangwa chophika, ndikuyenda uku ndi uku.

Tsiku la jogalafe nkhungu inatsika m'mawa, phiri lonse osaoneka. Ana atangolowa, mvula inayamba kuwaza. Patapita theka la ola inalimbikira, ndipo ngakhale ndili kumsewu ndinkamva malata a sukulu akulira. Ndinagwira waya wa mpanda. Mayi wa chinangwa anandiitana kuti ndibisale pansi pa pepala lake lapulasitiki, koma sindinapite.

Ndinamuona mtsikana uja akutuluka. Sanathamange. Anayenda molunjika kudutsa bwalo, wopanda juzi, mpaka pageti. Mlonda anamutsegulira. Atafika pamene ndinaima, anali atanyowa yense.

"Ndalemba mafunso awiri okha," anatero.

Ndinamufunditsa chitenje changa. Mumtima ndinkafuna kumukokera m'kalasimo, koma ndinkadziwa kuti wotuluka sabwereranso. Tinayenda wapansi mpaka ku Manja. Mayi ake atationa anangomulowetsa m'nyumba n'kutseka chitseko. Ine ndinatsala panja, ndipo ndinaganiza kuti basi zathera pamenepo, kuti mayi akewo ankanena zoona ndipo ine ndamuvulaza mwana wa eni.

Mawa lake kunali bayoloje. Ndinafika pageti mochedwa, chifukwa ndinkaopa kukaona malo ake opanda munthu. Kunali kukuwazabe. Mayi wa chinangwa anandikodola.

"Walowa kale wanu uja. Abwera naye mayi ake. Ndi awo ali apowo."

Analidi pomwepo, pakhonde la kagolosale koyang'anana ndi sukulu, atafunda chitenje kumutu. Ndinapita kukawapatsa moni. Anasendera kuti ndikhale nawo.

"Wandidzutsa yekha," anatero. "Akuti ndikhale pamene angandione pawindo."

Tinakhala pamenepo maola awiri. Mtsikanayo anatuluka pamodzi ndi anzake, nthawi itakwana. Mayi akewo anabweranso tsiku lililonse mpaka mayeso anatha.

Zotsatira zitatuluka, jogalafe anali atalephera, koma maphunziro ena asanu ndi limodzi anakhoza, masamu bwino kwambiri. Setifiketi inapezeka. Anabwera ku ofesi ndi bambo ake, amene ndinali ndisanawaonepo chifukwa ankalondera pa kampani ina ku Limbe ndipo masana ankagona. Anali munthu wochepa thupi, atavala yunifolomu yantchito. Anavula chipewa pakhomo, n'kupempha kuti ndiwawerengere pepalalo. Nditamaliza anati ndibwerezenso, ndipo ndinabwereza.

"Zikomo, madamu," anatero. Anatembenuza chipewa chija m'manja. "Ndiye pamenepa achite chiyani tsopano?"

Bungwe lathu linkathera pa Fomu 4. Kupitirira apo tinalibe chopereka. Ndinayang'ana abwana, iwo n'kuyang'ana ine. Kenako anatsegula kabati, natulutsa mafomu a sukulu zantchito zamanja ndi za uphunzitsi omwe ankasunga, n'kuwayala pa tebulo. Mtsikanayo anakoka mpando, nayamba kuwawerenga limodzilimodzi, bambo ake ataima kumbuyo kwake.