Ndinapereka dzina la mkazi wanga pamodzi ndi uchi

Ndinayamba kulembera kampani ina makalata odandaula chaka chatha fodya ali m'zigafa. Ndinadandaulanso mvula itagwa, kenako anthu akukolola chimanga. Makalata onsewo ndinasunga makope ake. Yankho palibe.

Kulakwa n'kwanga, sindikana. Nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi, ine ndi mkazi wanga NyaLuhanga tinapachika ming'oma ya njuchi kwathu ku Hewe. Iye ndiye ankasefa uchi, ndipo pa botolo lililonse tinkamata kapepala ka dzina lake. Ku Bolero anthu sankati akufuna uchi, ankangoti wa NyaLuhanga.

Mayiyo atamwalira kunabwera amuna awiri a kampaniyo, ya ku Lilongwe. Anati azitenga uchi wanga wonse kukaugulitsa m'masitolo akuluakulu. Mgwirizano ndinauwerenga wonse nditavala magalasi. Ndinakangana nawo za mtengo, za mabotolo osweka, ngakhale za wolipira galimoto. Ndime yonena kuti dzina likhala la kampani ndinaiona, koma ndinakondwa nayo. Ndinkati mkazi wanga akafika kumene sanafikeko ali moyo. Ndinasaina.

Makasitomala akale akabwera ndi mabotolo awo ndinkawabweza, poti mgwirizano unkandiletsa kugulitsa kwa wina. Sipanapite nthawi, kampani inasiya kutenga uchi wanga, akuti ming'oma yanga ndi yochepa. Koma dzina sanalisiye.

Tsiku lina pa msika wa Bolero, mayi wina amene ankaimba kwaya ndi malemu anandiimitsa. Anatulutsa botolo la dzina la NyaLuhanga limene mwana wake anamugulira ku Mzuzu.

"Adada, talawani. Uchi wa mnzanga uwu? Ndi shuga wophika chabe. Mwamuchititsa manyazi chomene ali m'manda."

Ndinalawa. Ndinalephera kumuyang'ana kumaso.

Inu owerenga amene mukuyamba bizinesi, musataye anthu amene anakukwezani chifukwa cha kasitomala mmodzi wobwera pa galimoto. Musanasaine, funsani kuti tsiku losiyana aliyense adzachoka ndi chiyani. Mtengo mudzakambirananso chaka chamawa, koma dzina likapita lapita. Ine uchi ndili nawo m'zidebe, ndipo sindiloledwa kulembapo dzina la amene anandiphunzitsa kuusefa.

Kwa inu eni kampani, ndikupempha mwaulemu: gulitsani zimene mukugulitsazo, koma chotsani dzina la NyaLuhanga pa mabotolo anu. Mundiyankhe mwa kalata, ndikadali moyo.