Khoma Limene Ndinalipaka Mopitirira Muyeso

Ndikukumbukira fungo la laimu wonyowa m'kaofesi ka sukulu yathu ku Nyampande, chaka chimene ndinali giredi seveni. Ndinali nditachedwa kawiri, ndipo chilango changa chinali kupaka khoma la ofesiyo. Pafupi ndi kompyuta panali timalemba ta pensulo. Poganiza kuti ndi ntchito ya ana osalongosoka, ndinatipaka kawiri, monyadira.

M'mawa mwake linali tsiku lomaliza lotumiza mayina a olemba mayeso. Amene dzina lake silikanalowa akanabwereza kalasi. Mayinawo ankalowetsedwa m'makina akalekale a kutali, amene asanalole chilichonse ankayamba afunsa kuti kompyuta yolankhula nawo ndi ya mtundu wanji. Yankho lake ankalidziwa mlembi wa sukulu, amai Lungu, koma iwo anali ku maliro ku Sandwe, kumene foni siinkagwira. Aphunzitsi athu, a Mwanza, anakhala pampando, nati amai Lungu amaonera yankholo pakhoma. Anatembenuka, nalipeza loyera mbee.

Anayesa kulemba dzina la kampani yopanga kompyutayo. Sikirini inadzaza zizindikiro zopiringizika ngati mapazi a nkhuku m'matope, ndipo batani lofufutira, m'malo mofufuta, linkawonjezera zina. Anayesanso dzina la sukulu, osaphula kanthu. Ine ndinali pakhomo ndi anzanga, ndikukumbukira kuti pamndandandawo dzina langa, la Zulu, ndiye lomaliza. Ndinaulula kuti timalemba tija ndinatipaka ndine.

“Iwe Tisa,” anatero a Mwanza motsitsa mawu, “ntchito zonse umagwila mwaulesi. Mailo, dzulo lomweli, ndiye unasankha kukhala wakhama?”

Anandipatsa supuni yawo ya tiyi. Ndinapala pang'onopang'ono, laimu akundigwera m'maso, kalasi yonse ikundilangiza mmene supuni amaigwirira. Panatuluka v, kenako t, pomaliza 100. Atalemba vt100, mizere yonse inawongoka, timabokosi ta mayina tinaima m'malo mwake. Dzina langa linalowa dzuwa litapendeka, batire ya sola ikulira kale kuti yatsala pang'ono kutha.

Lero ku koleji makina amafunsana ndi kuyankhana okha, ndipo anzanga sadziwa kuti kompyuta inkayenera kudzitchula ngati mlendo isanapatsidwe mpando. Ine ndimadziwa. Mayesowo ndinalemba, ndinakhozanso, ndipo a Mwanza mpaka pano amauza anthu kuti giredi eyiti ndinachita kuikumba ndi supuni.