Tsiku Limene Kalavani Inachoka Osatsanzika

Chaka chimene amuna anga anapuma ntchito yowotcherera zitsulo kumalo okhomera sitima zapamadzi ku Govan, dera la mumzinda umene timakhala kuno kutsidya kwa nyanja, tinagula kalavani. Ndi kanyumba ka mawilo awiri kokoka ndi galimoto, koyera mbee, kokhala ndi bedi, kakhitchini, ndi bafa loti ukalowamo sungawerame. Inali yatsopano, mipando ikadali m'mapulasitiki. Tsiku limene tinakaitenga ndinakhala m'katimo nthawi yaitali, ndikumva fungo la matabwa ndi guluu, mvula ikuwaza padenga pafupi kwambiri ndi mutu wanga. Zaka zonse zimene tinakhala m'fulati yathu ndinali ndisanamvepo mvula padenga. Pamwamba pathu pamakhala banja lina, ndipo chimene timamva ndi mapazi awo.

Amuna anga ankati "kalavani yathu", ine ndinkati "kalavani kathu", chifukwa kwa ine kanali kanthu kakang'ono kofuna kukasisita. Mpaka lero sitinamvane pamenepa.

Mumsewu wathu mulibe poimika chinthu chotere, choncho tinapeza malo kunja kwa mzinda, kwa mlimi wina amene anasiya kuweta ng'ombe n'kuyamba kusungira anthu makalavani pabwalo pake. Pafupi ndi yathu panali ya bambo wina wachikulire wa konkuno, amene akazi awo anali atamwalira. Tinkapatsana moni, nthawi zina n'kumwera limodzi tiyi wa m'fulasiki. Loweruka lina tinawapeza ataima pamalo opanda kanthu. Panangotsala udzu wofiirira, wooneka ngati chitseko chogonekedwa pansi. Akuba anali atadula unyolo wa pageti n'kukoka kalavani yawo. Anatiuza kuti a inshuwalansi awapatsa ina, koma m'kabati munali majuzi a akazi awo, ndi kabuku kamene mayiwo ankalembamo malo onse amene anagonako pa maulendo awo. Sanakalipe. Ankangosalaza udzu uja ndi nsapato, uku akuyang'ana kugeti.

 Sabata yomweyo amuna anga anayamba ntchito imene inawatengera miyezi.

Choyamba chinali kachipangizo kolondolera, kamene aliyense amangoti thiraka. N'kakang'ono ngati sopo wotsala pang'ono kutha. Mmisiri wa kukampani yogulitsa thirakayo anabwera kudzakabisa penapake m'thupi la kalavaniyo, iye ndi amuna anga atadzitsekera m'kati ngati akulu a mpingo okamba mlandu. Nditafunsa pamene anakaika, amuna angawo anandiyankha kuti chimene sindikudziwa sindingaulule, ngakhale atandigwira akuba. Tinapatsidwanso kabatani kopachika pa makiyi. Kalavani ikayenda kabataniko kali pafupi, ndiye kuti ndi eni ake. Ikayenda popanda kabatani, a kukampani amaimba foni kufunsa. Ndipo pafoni panga panabwera mapu okhala ndi kadontho kabuluu, kosonyeza pamene kanyumba kathu kali.

Kadontho kameneka ndinakakonda kuposa mmene ndinkayembekezera. Ndine namwino pachipatala chachikulu chakufupi ndi kwathu. Nthawi yopuma, anzanga akamacheza za mpira ndi za nyengo, ine ndinkatsegula mapu aja. Kadontho kali phee pabwalo la mlimi. Kenako ndinkafinya mapuwo ndi zala kuti dziko lonse lioneke, maso n'kumakwera kumpoto, kumene misewu imachepa, mapiri n'kuchuluka, nyanja zazitali zitalowa m'kati mwa dziko ngati zala za dzanja. Ndinkasankha malo amene dzina lake sindingalitchule, n'kumadziona nditadzuka kumeneko m'mawa, ndikutsegula chitseko, nkhungu ikulowa mpaka pabedi. Belu la wodwala likalira ndinkadzidzimuka, tiyi atazizira kale.

Amuna anga anali asanathe. Anagula loko yachikasu yomanga pawilo, yolemera ngati mwana wa zaka zinayi, ndi ina yotseka pamphuno pokokera. Atamva kuti thiraka imadalira batire ya kalavani, anakhoma sola padenga kuti batireyo isafe m'chisanu. Tsiku loyamba kuyesa kalavaniyo pamsewu, tinangozungulira pafupi, koma potsegula chitseko tinapeza makapu atatu ali zidutswa pansi. Mawa lake anatenga timatabwa n'kuika milomo yotchingira ziwiya pa mashelefu onse. Munthu amene kwa zaka zambiri ankalumikiza nthiti za sitima, tsopano ankatha masana athunthu akupala kathabwa kofanana ndi supuni, lilime lili pakona pa kamwa. Pafupi ndi chitseko anakhoma zokolekera majekete, pansi pake n'kuikapo kabeseni kolandira madzi, popeza kuno munthu sulowa m'nyumba uli wouma. Anapanganso kashelefu kopinda kunja kwa chitseko, ka foni kapena wailesi, ndi soketi yake pomwepo.

Ine makatani amene anabwera nayo sanandisangalatse, anali otuwa ngati a kuntchito kwathu. Ndinatsegula sutikesi ya pamwamba pa wadirobu, mmene munali zitenje zimene ndinapatsidwa potsanzikana ndi abale zaka zambiri zapitazo, zina zisanavalidwepo. Ndinadula ziwiri, chobiriwira cha masamba ndi china cha nsomba zachikasu. Dzuwa likawomba pa makatani amenewo, m'kati monse munkasintha mtundu, ndipo manja a amuna anga ankaoneka ngati ali pansi pa madzi. Tinagulanso tenti yomangirira pambali, yopanga khonde. Tinaiyesa kamodzi pabwalo la mlimi, ikutigwera pamutu, mlimiyo akutionera chapatali atapinda manja.

Tinagwirizana kuti ulendo woyamba udzakhala waufupi, wa kuchigwa china pansi pa phiri, kumene tinamva kuti kuli kamunda ka m'mbali mwa mtsinje kololedwa kugonapo. Koma chisanu chikutha, amuna anga anayamba kubanika pokwera masitepe a kufulati. Mapeto ake anawachita opaleshoni ya mtima. Anachira pang'onopang'ono. Adokotala anawaletsa kunyamula zolemera, kukankha, ndiponso ulendo wautali wa pandege, mpaka mtima utakhazikika. Ndi chifukwa chake tinaikitsa timamota tiwiri togwira mawilo a kalavani, toyendetsa ndi rimoti, kuti asamaikankhe poilumikiza ku galimoto. Atangololedwa kutuluka, ndinkawaperekeza kwa mlimi kuja. Ankakhala pampando, bulangete pamiyendo, rimoti m'manja, n'kumayendetsa kanyumbako chamtsogolo, chambuyo, kuzungulira pang'onopang'ono popanda munthu m'kati. Nkhope yawo inkandikumbutsa ana oyendetsa galimoto zamawaya pafumbi.

Uthenga wa maliro unafika m'nyengo ya masiku aatali, dzuwa likamachedwa kulowa. Achimwene aakulu a amuna anga, amene anawalera makolo atamwalira, amenenso anawaphunzitsa kuwotcherera pakashopu ka m'mbali mwa msewu ku Ntcheu, anatisiya. Kupita sikunatheke. A kutchalitchi kwathu anabwera monga mwa mwambo, fulati inadzaza, amayi atakhala pansi pabalaza, nyimbo zikuimbidwa motsitsa poopa kusokoneza oyandikana nawo. Abambo analibe pokhala, ena anangokhala pa masitepe. Amuna anga anawakhazika pa sofa pakati pa amayi chifukwa cha matenda awo. Ankalandira aliyense ndi manja awiri, koma sanagwetse msozi, ndipo sanadye.

Tsiku loika maliro anthu anapangana zobweranso masana. M'mawa ndinawasiya atagona, ndinakwera sitima yoyenda pansi pa nthaka kuwoloka mtsinje wa mumzindamu kupita ku Partick kukagula nyama, mpunga ndi buledi. Ndinazungulira mashopu angapo, ndipo ndili pamzere wolipirira, foni inalira. Anali bambo wa kukampani ya thiraka. Anandifunsa mwaulemu ngati ndikudziwa kuti kalavani yathu ikuyenda, ndiponso ngati kabatani kaja ndili nako. Ndinapisa m'chikwama. Kanali pomwepo, pa makiyi anga.

Ndinasiya basiketi pansi n'kutuluka panja. Ndinaimbira amuna anga kawiri, foni inangolira. Bambo wa kukampani, amene ankadikira, anafunsa ngati aitane apolisi. Ndinamupempha kuti andipatse kamphindi, n'kutsegula mapu. Kadontho kamene ndinazolowera kukaona kali phee kanali pamsewu, kakukwawa kulowera ku mlatho waukulu wa kumadzulo kwa mzinda. Ndinaima pakhomo pa shopu, anthu akundilambalala, ndikukayang'ana. Kanawoloka mlatho mosathamanga. Katafika pa raundabauti kanaima. Kanaima, kanaimabe, nthawi yoti galimoto zisanu zikanadutsa, kenako kananyamuka mwaulemu kulowera kumpoto.

Wakuba sadikira choncho pa raundabauti. Ndinamuuza bambo uja kuti asaitane apolisi, amene akukoka ndi mwiniwake. Anafunsa ngati ndikutsimikiza. Ndinamuyankha kuti kayendetsedwe kameneko ndakhala pambali pake kuyambira ndili mtsikana.

Ndinaimbira mayi wina wa kutchalitchi kwathu, amene amakhala ku Gorbals, mnzanga wa zaka zambiri. Anali atanyamuka kale kubwera kwathu, mapoto ali kumbuyo kwa galimoto. Sanafunse zambiri. Anauza akulu a mpingo kuti anthu akasonkhane kuholo ya tchalitchi, ndipo anadzanditenga pafupi ndi siteshoni. Tinatuluka mumzinda, foni ili pamiyendo panga, tikutsata kadontho. Nyumba zinayamba kuchepa. Mapiri anatulukira amodziamodzi, mitu yawo ili m'mitambo, nkhosa zitamwazikana m'mbali ngati zovala zoyanikidwa pa udzu. Zonse zinali monga ndinkazionera pa mapu nthawi yopuma, kungoti zinali zazikulu, ndipo ndinkamva ngati galimoto yaima, dziko ndi limene likuyenda. Mnzangayo ankang'ung'udza nyimbo chapansipansi. Patapita nthawi kadontho kanasiya msewu waukulu, kanalowa m'chigwa chija tinasankha, n'kuima.

Amuna anga tinawapeza atakhala pampando panja pa kalavani, atavala jekete lawo lakuda la kutchalitchi. Loko yolemera ija, ndinamva pambuyo pake, anawachotsera ndi mlimi. Tenti anali atayesa kuikoka, koma inawakanika, inkalendewera mbali imodzi. Pa kashelefu ka pachitseko panali foni yawo, chingwe chili m'soketi. Wachibale wina kumudzi anali ataimba ya kanema, ndipo pa kagalasi kakang'onoko pankaoneka dothi lofiira, mitengo ya mango, ndi abambo ogwira makasu.

Amuna anga anandiyang'ana, osadabwa.

"Mwandipeza bwanji, mayi?"

"Munaika nokha thiraka, bambo. Bwanji osandiuza?"

"Mukanandiletsa." Anatembenukira kufoni. "Achimwene sindingawalire nditakhala pa sofa. Pamaliro mwamuna amakhala panja."

Zinali zoona kuti ndikanawaletsa. Ine ndi mnzanga uja tinamaliza kukoka tenti, ulendo uno inaima bwinobwino. Iye anavula nsapato, anatenga chitenje m'galimoto n'kumanga m'chiuno, nakakhala pa udzu wonyowa chapatali pang'ono, kumene amayi akanakhala. Ndinakakhala naye. Kwaya ya kumudzi itayamba nyimbo, mawu ankafika modukaduka, ena n'kutayikira m'njira, ndipo mnzangayo ankalumikiza pamene padukapo. Mtsinje unkayenda kumbuyo kwathu. Kunayamba kamvula kosamveka, kongooneka pa tsitsi.

Itafika nthawi yoti abale aponye dothi m'manda, amuna anga anaimirira. Anayenda mpaka m'mphepete mwa kamundako, anawerama pang'onopang'ono atagwira pachifuwa, natapa dothi lakuda lonyowa. Anabwerera nalo pafupi ndi foni, analigwira nthawi yaitali, kenako anatambasula dzanja, dothi n'kugwera pa nsapato zawo. Pamenepo m'pamene analira. Analira mokweza, monga sindinawamvepo chikwatirane, ndipo panalibe khoma la munthu wina loti aziliopa. Tinawasiya alire. Nkhosa zimene zinali pafupi zinadzutsa mitu, kenako zinapitiriza kudya.

Foni itazimitsidwa, mnzanga uja anakatenga poto wina m'galimoto, tinatenthetsa chakudya pa kachitofu ka m'kalavani, kukhala koyamba kuphikamo. Amuna anga anadya mbale yonse, napempha madzi. Kenako analowa n'kugona pabedi, nsapato zili kuphazi. Tinawavula, tinatseka chitseko, ifeyo n'kukhala pakhonde tikucheza za anthu akumudzi amene tinawazindikira pa kanema, amene akalamba ndi amene anenepa.

Atadzuka, maso awo anali otupa moti sakanatha kuyendetsa. Anandipatsa makiyi. Ndinali ndisanakokepo kanthu ndi galimoto m'moyo mwanga. Anakhala pambali panga n'kumandiuza motsitsa kuti pokhota ndizitenga malo ambiri, ndisamafulumire kuponda buleki, ndiziyang'ana pagalasi la m'mbali. Mnzanga uja ankatitsata pambuyo, magetsi ake akuphethira. Msewu wa m'chigwa ndi wopapatiza, ndipo posakhalitsa kumbuyo kwathu kunapangika mzere wautali wa galimoto, zonse zikuyenda pa liwiro langa. Palibe amene analiza hutala. Pamalo ena otakasuka ndinapatukira pambali kuti adutse, ndipo ankadutsa mmodzimmodzi, ena akukweza dzanja.

Amuna anga anadikira mpaka yomaliza itadutsa, anayang'ana kumbuyo, nandiuza kuti msewu wayera, ndikhoza kulowa.