Imelda ndi Munthu Amene Anaboola Daiki

Imelda Zuze wa kwa Mbenje anayamba kupalasa bwato ali ndi zaka makumi anayi, mwamuna wake Edmund atangomwalira. Anthu ankaseka kuti mayi wamasiye wagwira nkhafi ngati mwamuna. Chinamulowetsa m'madzi si nsomba ayi, unali mkwiyo.

M'chaka cha 2015 mudzi wawo unali ndi daiki, mtumbira wautali wotchinga madzi a Shire. Francisco Alufandika, mlimi wa mpunga, anakumba kangalande pa daikipo kuti madzi alowe m'munda mwake. Imelda anamuona ndi maso ake pochokera kotola nkhuni. Patatha milungu iwiri mtsinje unadzaza, unapeza pofooka pomwepo n'kung'amba. Edmund anathamangira kukhola kukatsegulira ng'ombe. Mtembo wake anaupeza m'mabango tsiku lachinayi.

Imelda ataulula zimene anaona, Francisco anakanitsitsa.

"Nkhabe! Ine daiki sindinaikhudze. Mayiwa chisoni chawasokoneza mutu."

Umboni unali utapita ndi madzi. Abale a Francisco anamuikira kumbuyo, nkhani inathera pomwepo.

Imelda analowa komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zadzidzidzi. Anamupatsa wenzulo ndi jekete yoyandamitsa. Dzinja lililonse ankalawirira kumtsinje kukaona pamene madzi afika pa mzati wa manambala, n'kutumiza uthenga pafoni. Anaphunzira kusambira, anadziwa mikuli yonse yothawirako. Zaka zisanu ndi zitatu sanamupatse moni Francisco. Ngakhale kutchalitchi, pa nthawi yopatsana mtendere, akamuona pafupi ankapinda manja.

Namondwe Freddy atabwera mu 2023, madzi anapitirira mzere wofiira wa pa mzati uja. Imelda anayenda khomo ndi khomo akuliza wenzulo, anthu n'kumasamukira kusukulu ya kumtunda. Pakhomo pa Francisco analizanso wenzuloyo, chifukwa panali adzukulu. Anawo anapita, koma mwini wake anakana kusiya matumba a mpunga, ndipo mkazi wake Juliana anatsala naye.

Kutacha, mudzi wonse unali nyanja. Imelda anatuluka ndi bwato pamodzi ndi Sebastiano, wapampando wa komiti. Atatola amayi awiri padenga la chigayo, anamva mfuu kuchokera mu mtengo wa mango. Anali Francisco ndi Juliana, atakakamira nthambi, nyerere zitawadzaza thupi lonse.

Imelda anayandikiza bwato, Juliana anatsikiramo. Francisco atangoponya mwendo, Imelda anakankha tsinde ndi nkhafi, bwato linabwerera m'mbuyo.

"Mayi Zuze, malo alipo!" anakuwa Francisco.

"Alipodi. Koma muyambe mwauza anthuwa: anaboola daiki ndani?"

"Mayi, ino si nthawi yake," anatero Sebastiano.

"A wapampando, nthawi yake ndaidikira zaka zisanu ndi zitatu. Nenani, bambo Alufandika."

Francisco anayang'ana pansi. Madzi anali akunyambita nthambi imene anapondapo, mbuzi yakufa ikudutsa chagada.

"Ndine," ananong'ona.

"Madzi akusokosa, sitikumva."

"Ndine! Ndinakumba ndine! Ndimangofuna kuthirira mpunga."

"Ndiye anafa ndani?"

"Edmund."

"Nanga wamisala uja munkanena, ndani?"

"Simunapenge, mayi. Ndinanama."

Juliana anadziphimba kumaso ndi chitenje. Amayi awiri aja anangogwira pakamwa. Imelda anamuyang'ana bamboyo akulira ngati mwana, kenako anabwezera bwato pamtengo paja.

"Kwerani. Mukhale kutsogolo, ndisaone nkhope yanu."

Dzuwa lisanapendeke, aliyense pamsasa wa kusukulu anali atamva. Francisco akaima pamzere wa phala, anthu ankatalikira. Abale omwe anamuikira kumbuyo aja anayamba kunena kuti iwo ankamukayikira kuyambira kale. Achemwali ake a Edmund anabwera kudzamulavulira malovu pamapazi, ndipo Imelda anaonerera osaphethira.

Madzi ataphwa, Francisco sanamangenso pabwinja lake. Anapita kwa mphwake ku Marka, kumene akuti amagulitsa makala pafupi ndi malire. Abambo mfumu a parishi anamuitana Imelda kawiri konse kuti akambirane za kukhululuka. Iye anawauza kuti moyo wa munthuyo anaupulumutsa kale, zotsalazo akamalize ndi Mulungu.

Juliana anakana kutsatira mwamuna wake. Amakhala ndi adzukulu ake kumtunda, nyumba zitatu kuchokera kwa Imelda. Akakumana pamjigo amapatsana moni, nthawi zina amasenzetsana ndowa, koma za Francisco sakambirana.