Mayi Zikomobe ndi Supuni ya Malume

Mumpingo mwathu mulibe amene sanawadziwe mayi aja ankakhala pa benchi yomaliza, pafupi ndi khomo, atagwira dzanja la bambo wa imvi wa pa mpando wa matayala. Dzina lawo la ubatizo tinaliiwala kalekale. Tonse tinkangoti Mayi Zikomobe, chifukwa chilichonse chikawagwera, chokoma kaya chowawa, ankapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Zikomobe, Ambuye." Tawaika m'manda mwezi wathawu, ndipo ndi bwino moyo wawo ulembedwe tisanayambe kuuthira mchere monga timachitira ndi anthu akufa.

Anali mwana woyamba wa mlonda wa pa fakitale ya sopo. Akali kamtsikana ka pasukulu, mlongo wawo wamng'ono anadwala malungo aakulu amene anamukwera kumutu. Mwanayo anapulumuka, koma nzeru ndi mawu zinatsalira komweko, miyendo inafooka, manja osatha kugwira supuni. Mayi awo atayamba kudwala chifuwa, ntchito yomudyetsa inagwera mtsikanayo, ndipo mayiwo atamwalira sukulu inathera pomwepo. Chiyambire nthawi imeneyo mnyamatayo sanalandirenso chakudya kwa munthu wina. Wina akamuyandikizira supuni, ankaluma mano n'kutembenukira kukhoma.

Atakula anapeza ntchito yochapa ndi kusita pa nyumba ina ya alendo. Ofunsira banja ankabwera, koma akaona mlongo uja ali pamkeka, dovu likuchucha, ankatsanzika ulendo wosabwerera. Amene anakhazikika ndi kalipentala wina wosayankhulayankhula, yemwe m'malo mwa mawu okoma anabwera ndi mpando wa matayala wokhoma yekha. Anabereka naye mwana mmodzi wamwamuna, ndipo mwanayo ndiye anayambitsa dzina loti Malume, mpaka mpingo wonse, ndi bambo mfumu omwe, tinkangoti Malume. Tsiku limene kalipentala anamwalira, mayiwo anapukuta misozi n'kupita kukapakula phala, poti nthawi ya Malume inali itakwana.

Loweruka lililonse ankachapa ndi kusita nsalu za paguwa, Malume ali pambali akuonerera nthunzi ya nsimbi. Alipo amene anaonapo khwinya pa guwa lathu zaka zonsezo? Ife tinkawatamanda pamisonkhano, tikumati mayi awa ndi oyera mtima. Kutamanda sikulemera. Palibe mwa ife anapemphapo supuni ija kuti mayiwo apumeko, ndipo kunena zoona, iwonso sankaipereka. Mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo uja, amene amagulitsa m'sitolo ya nsapato, anayesapo atangolowa m'banjamo. Mayiwo anamulanda mbale mwaulemu: "Musavutike, mwana wanga, ameneyu simungamuthe." Pemphero lawo la tsiku ndi tsiku linali limodzi, ndipo sankalibisa: kuti Mulungu ayambe watenga Malume, iwo adzatsatire m'mbuyo.

Imvi zitawatulukira kale, tsiku lina akusamba anamva kachotupa m'bere lamanzere. Anakhala nako chete mpaka mkono unayamba kulemera posita, mpongozi n'kuwakokera kuchipatala. Inali khansa. Madokotala anachotsa bere lonselo, ndipo masiku onse amene anagona m'chipatala Malume sanadye kanthu, ankangomwa timadzi. Mayiwo atatuluka anamupeza maso atalowa m'kati, ndipo anamudyetsa asanavule n'komwe nsapato, bandeji ili pachifuwa.

Bala litapola, dokotala, mayi wachitsikana wa magalasi, anawakhazika pansi pamodzi ndi mpongozi.

"Amayi, chotupa tachotsa, koma matendawa tawapezanso m'khwapa. Pali mankhwala amphamvu olowetsa m'mitsempha pa dilipi, timawatcha kemo. Sindikulonjezani kuti muchira, koma amathandiza kuti matenda asabwerere msanga. Adzakufooketsani, mudzasanza, tsitsi lidzathothoka, ndipo padzakhala masiku oti ngakhale kapu simudzatha kuinyamula. Kusankha n'kwanu."

"Masiku oterowo amachuluka, adokotala?"

"Amabwera n'kupita, kwa miyezi ingapo."

"Ndiye ayi. Zikomobe."

Nkhaniyo inafala mumpingo. Ena a gulu la mapemphero anaomba m'manja, amvekere chikhulupiriro ndi chimenecho, wodalira Mulungu safuna dilipi. Ena ankanong'ona kuti kukana mankhwala n'kudzipha. Tonse tinaphonya. Mayiwo sankadandaula za tsitsi, ndipo sankamuyesa Mulungu. Ankangoona kuti munthu amene watsala mafupa pa masiku ochepa aja sangapirire miyezi. Bambo mfumu anawauza kuti kulandira si tchimo, kukananso si tchimo, koma aufunse bwino mtima wawo chimene ukukanira.

Paja amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. M'mawa wina mayiwo akudyetsa Malume, mpongozi anaima pakhomo la chipinda, atavala kale za kuntchito.

"Amayi, ndinene, mundikhululukire. Mankhwala mukukanira amalume, ndamva. Nanga matendawa akabwerera, tikakakuikani m'manda, amalume adzadya kwa ndani?"

"Mulungu sangalole kuti nditsogole ndine. Ndakhala ndikumupempha."

"Ndipo anavomera?"

Mayiwo anabweza supuni m'mbale.

"Mwawakonda amalume, palibe angatsutse," anapitiriza mpongoziyo. "Koma mwawatsekera m'dzanja lanu. Tsiku lomwe mudzapite adzakutsatirani, ndipo idzawaphe ndi njala, ife tikuona."

Mawu amenewo anawalasa, moti masiku angapo mpongoziyo ankangolandira moni wouma. Oyera mtima nawonso amakwiya. Loweruka anapita kukasita, ndipo kwa nthawi yoyamba anawotcha nsalu ya paguwa, nsimbi ataiiwala m'dzanja. Anagwada nthawi yaitali m'tchalitchi mopanda anthu. Pambuyo pake anadzauza mnzawo wa m'kwaya kuti tsiku limenelo anasintha pemphero: "Ndinasiya kumuuza Mulungu woti ayambe kufa. Ndinangopempha nthawi yoti ndimuphunzitse mpongozi wanga uja kudyetsa Malume." Sabata yotsatira anabwerera kwa dokotala.

Kemo sanawanyengerere. Tsitsi linkatsala pa pilo, m'kamwa munatuluka zilonda, fungo la phala lenilenilo linkawautsa nseru. Poyamba supuni ankagwira okha, koma poti dzanja linkanjenjemera, mpongozi ankawachirikiza pamkono. Kenako supuni inapita m'dzanja la mpongozi, la mayiwo lili pamwamba pake. Anamuuza zonse zimene anasunga okha moyo wawo wonse: kuti phala aziyamba waliyesa pamlomo, kuti supuni izibwera chakumanzere, kuti asanayambe amupukute pachibwano uku akung'ung'udza nyimbo. Dzanja la mlongo wake likakhalapo, Malume ankadya. Likangochoka, mbale inkapezeka pansi. Mpongozi ankapita kusitolo malaya ali mawangamawanga a phala, maso ali ofiira.

Tsiku lowawitsitsa linafika mankhwala ali pakati. Mayiwo mphamvu zodzukira anali nazo, koma anagona dala, nkhope kukhoma, chitseko chotseka. Kuseri kwa khomalo Malume ankalira ndi njala kuyambira m'mawa, kulira kwa munthu wamkulu wopanda mawu, komwe kumadula mtima ngakhale wa wodutsa mumsewu. Mwana wawo, amene amayendetsa basi, analowa m'chipindamo.

"Amayi, tangodzukani. Tidzayesanso mawa."

Iwo anafumbata kolona mpaka mikanda inadinda m'manja. "Ndikadzuka lero, ndamupha."

Dzuwa litapendeka kulira kunatha. Kenako anamva kaphokoso kamene anakadziwa kuyambira ali mwana: supuni ikukanda pansi pa mbale.

Mukuganiza kuti anasangalala? Analira ngati mayi wolandidwa khanda. Walira mvula walira matope: chimene anapempha anapatsidwa, ndipo chinawawa. Mpongozi atabwera kudzawaonetsa mbale yopanda kanthu, anaiyang'ana nthawi yaitali asanatulutse mawu awo aja, ndipo ulendo uno anatuluka movutika: "Zikomobe, Ambuye."

Mankhwala anawaonjezera zaka zochepa. Tsitsi linameranso, loyera mbuu. Sanamudyetsenso Malume, kuopa kuti angabwerere m'mbuyo. Ankakhala pambali manja atawapanira pakati pa mawondo, ndipo amene anawaona amadziwa kuti kumeneko kunali kusala kudya koposa kwa nyengo iliyonse ya mpingo. Supuni inafika kwa mwana wawo, kenako kwa amayi awiri a m'kwaya amene manyazi anawagwira mochedwa, monga ife tonse.

Matenda anabwerera, ulendo uno m'mafupa, ndipo dokotala anangolankhula za mankhwala ochepetsa ululu. Mayiwo sanadandaule. Bambo mfumu anabwera kudzawadzoza mafuta a odwala. M'mawa wa tsiku lomaliza mpongozi anakhala pambali pa bedi osafuna kusuntha, mpaka mayiwo anatsegula maso.

"Nthawi yakwana, mwana wanga. Pitani mukamudyetse. Chitseko musiye chotsegula."

Mpongozi anapita akulira. Mwana wawo, amene anatsala nawo, akuti mayiwo ankamvetsera mutu utapendekera kukhomo, milomo ikuyenda pang'onopang'ono. Pamene supuni inkakanda pansi pa mbale, iwo anali atapita.

Ambuye awapatse mpumulo wosatha mayi amene anatumikira moyo wawo wonse, n'kudzaphunzira kumapeto ntchito yovuta kuposa zonse, yosiyira ena. Malume akali moyo. Lamulungu mudzamupeza pafupi ndi benchi yomaliza ija, mpongozi atamugwira dzanja, ndipo nthawi ndi nthawi amatembenuka kuyang'ana pakhomo. Tsiku la maliro, ife tikuimba kumanda, mmodzi wa amayi a m'kwaya aja anatsala naye kunyumba, ndipo phala lake anadya lonse.